Kalata kwa akuluakulu a madzi mu Johannesburg: yezani madzi pa tsiku limene abwerera m'mipopi

Kwa a Meya a mzinda wa Johannesburg, akuluakulu a Johannesburg Water ndi akuluakulu a Rand Water,

Olemekezeka,

Tikulemba kalatayi ife Amalawi ogwira ntchito za mapaipi, magiza, mathanki ndi mapampu mumzinda uno. Abale athu okhala ku Mayfair, Brixton, Yeoville, Rosettenville, Cosmo City ndi Diepsloot amatifunsa funso limodzi lomwelo: kodi madzi a pampopi a kuno ku Joni ndi oti munthu n'kumwa osawiritsa? Yankho lathu limakhala pawiri. Madzi amene amachoka kumalo oyeretsera a Rand Water ndi abwino, pamenepo palibe chotsutsa. Koma madzi amene amatuluka pampopi wa kuseri kwa nyumba m'mawa woyamba atabwerera, mapaipi atagona ouma masiku atatu, amenewo ndi nkhani ina. Ndi madzi amenewa omwe tikufuna muziyeza ndi kutiuza zotsatira zake.

Tiyambe ndi zimene mukuchita bwino, kuti musaganize kuti tabwera kudzangodandaula. Mzinda uno unamangidwa pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, kutali ndi mtsinje waukulu uliwonse. Madzi ake amachokera ku damu la Vaal, lomwe linamalizidwa mu 1938, ndipo damulo limathandizidwa ndi madzi a ku Lesotho ochokera m'madamu a Katse ndi Mohale, odutsa m'ngalande za pansi pa mapiri. Rand Water, yomwe inakhazikitsidwa mu 1903, imawayeretsa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging. Kumeneko amathiramo laimu ndi mankhwala ena ogwirizanitsa timatope kuti tikhale zibulumwa n'kudikha pansi. Laimuyo amakweza pH, muyezo wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, kufika cha m'ma 11, ndiye amauziramo mpweya wa carbon dioxide kuti itsike kufika cha pa 8 kapena kupitirira pang'ono. Kenako madzi amasefedwa mumchenga n'kuthiridwa klorini. Akafika pamalo opopera a Eikenhof, Zwartkopjes, Palmiet ndi Mapleton amawonjezeramo klorini ndi amoniya, zomwe zikaphatikizana zimapanga kloramini. Kloramini sapha tizilombo mwachangu ngati klorini, koma amakhalitsa m'madzi, ndipo ndi amene amafunika pa ulendo wautali wa m'mapaipi. Kuchokera pamenepo Johannesburg Water, yomwe inayamba ntchito mu 2001, imawalandira m'nkhokwe zake n'kuwagawa m'misewu.

Muyezo umene madziwa ayenera kukwaniritsa ndi SANS 241. M'mamililita 100 a madzi musapezeke kachilombo ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti m'madzi mwalowa zonyansa za m'chimbudzi, ngakhale kamodzi. Kuvunduka kwa madzi, komwe kumayezedwa m'ma NTU, kusapitirire 1 NTU kuti mankhwala agwire bwino ntchito, ndipo 5 NTU ndiye malire a madzi amene diso lingawalole. pH ikhale pakati pa 5 ndi 9.7. Mtovu usapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita, kloramini asapitirire mamiligalamu 3 pa lita. Lipoti la Blue Drop lomwe boma linatulutsa mu December 2023 linapeza kuti m'malo operekera madzi 100 alionse m'dziko muno, 46 sankakwaniritsa muyezo wa tizilombo. Johannesburg sinali m'gulu lolepheralo, inali m'gulu lochita bwino. Tikuvomereza zimenezi ndi mtima wonse.

Vuto ndi lakuti chiwerengero cha chaka chonse chimabisa tsiku limodzi loipa. Mukatenga madzi oyeza masauzande, ambiri mwa iwo pa masiku amene mapaipi ali odzaza, mupeza kuti pafupifupi onse ndi abwino, ndipo simunama. Koma mwana satsegula m'mimba ndi chiwerengero cha chaka chonse. Amadwala ndi kapu imodzi imene anamwa Lachinayi m'mawa madzi atangobwerera.

Zimene zimachitika m'paipi youma akatswiri anu akuzidziwa, koma tizilembe kuti aliyense wowerenga amve. Paipi yodzaza imakhala ndi pulesha yokankhira kunja. Ikakhala ndi mng'alu, madzi abwino ndi amene amatuluka, ndipo zonyansa za m'dothi sizingalowe. Nkhokwe ikauma, madzi otsala m'paipi amathamangira kumunsi, kwa anthu okhala m'zigwa amene mipopi yawo ikadali yotsegula. Akamatsika choncho amasiya kumtunda kopanda kanthu, ndipo paipi imayamba kuyamwa ngati munthu amene akumwa Fanta ndi kapaipi. Mng'alu uja umene unkatulutsa madzi dzulo lero ukukoka chilichonse chimene chauzungulira: madzi a mvula odikha m'dzenje, matope, ndiponso suweji ngati paipi ya zonyansa ikudontha chapafupi. M'madera akale mapaipi awiriwa amayenda moyandikana pansi pa msewu umodzi. Madzi akabwerera amakokolola zonsezi pamodzi ndi dzimbiri ndi zimene zinamatirira m'kati mwa paipi, n'kuzikankhira ku mipopi ya anthu. Kloramini wochepa amene ali m'madzi oyambawo amathera pa zinyalalazo, moti amafika pampopi atatheratu mphamvu.

Ming'alu imeneyi ndi yochuluka bwanji? Malipoti anu omwe akusonyeza kuti pa malita 100 alionse amene mzinda umagula ku Rand Water, oposa 40 sabweretsa ndalama, ndipo gawo lalikulu la amenewa limatayika podontha. Anthu amakamba za kudonthaku ngati nkhani ya ndalama ndi ya kusowa kwa madzi basi. Ife tikuti ndi nkhani ya umoyo. Bowo lililonse lotulutsa madzi paipi ikadzaza ndi khomo lolowera zonyansa paipi ikauma.

Ndipo kuuma kwa mapaipi sikulinso kwa apo ndi apo. Mu March 2024 magetsi atazima pa Eikenhof, madera ena anatha sabata yoposa imodzi opanda dontho. Madera amene amamwa kuchokera ku nkhokwe za Brixton, Crosby ndi Hurst Hill akhala akuvutika zaka zambiri, mpaka mu September 2025 anthu a ku Westbury ndi Coronationville anatseka misewu. Palinso njira imene mumagwiritsa ntchito yotseka kapena kuchepetsa madzi usiku kuti nkhokwe zidzaze. Tikumvetsa chifukwa chake, koma dziwani kuti dera limene limatsekedwa usiku uliwonse paipi yake imayamwa usiku uliwonse. Okhala pamtunda ndi amene amayamba kuumidwa, ndi amene amamaliza kulandira, ndipo ndi amene mapaipi awo amayamwa nthawi yaitali.

Pempho lathu lalikulu lili apa. Dera likakhala lopanda madzi kupitirira maola 24, kapena paipi yaikulu ikaphulika pafupi ndi suweji, tumizani woyeza madzi tsiku lomwelo limene madzi abwerera. Asapite pankhokwe pokha, chifukwa pamenepo madzi apezeka abwino. Apite kumapeto kwa mzere wa paipi, pamtunda, ndi pafupi ndi pamene panakumbidwa. Kuyeza klorini wotsala ndi kuvunduka kwa madzi kumatenga mphindi zosakwana khumi ndi kachipangizo konyamula m'manja. Apa pali msampha umene timauona ngakhale kwa anthu osamalira mathanki a m'mafulati: piritsi loyezera madzi lotchedwa DPD 1 limayeza klorini amene sanaphatikizane ndi amoniya, ndiye m'madzi a kloramini limaonetsa pafupifupi ziro ngakhale madziwo ali otetezedwa. Pamafunika kuwonjezera DPD 3 kuti muone klorini yense. Wosadziwa zimenezi amathira mankhwala ochuluka mosafunika, kapena amasiya kukhulupirira chipangizo chake.

Kuyeza E. coli ndiye kumachedwa. Madzi amayenera kugona mu labotale maola 18 mpaka 24 kuti yankho lituluke. M'maola amenewo anthu amakhala atamwa kale, ataphikira kale phala la mwana. N'chifukwa chake chenjezo lakuti "wiritsani madzi" liyenera kutuluka madzi asanabwerere, osati kudikira labotale. Lichotsedwe pamene madzi oyezedwa kawiri motsatizana apezeka oyera. Tikudziwa kuti chenjezo lotere limaoneka ngati kuvomera kulephera, ndipo akuluakulu ena amaliopa. Ife tikuona mosiyana. Munthu amene mwamuchenjeza kawiri n'kumuuzanso kawiri kuti tsopano zili bwino, adzakukhulupirirani tsiku limene mudzanene kuti madzi ndi abwino. Malamulo a 2001 ochokera ku Water Services Act ya 1997 ananena kale kuti madzi akakhala oika umoyo pachiswe, anthu auzidwe za vutolo, chifukwa chake, zoyenera kuchita ndi nthawi imene zidzakonzedwe. Ife tikungopempha kuti muyambe msanga, pamene chiopsezo chikudziwika ngakhale pepala la ku labotale lisanafike.

Okonza mapaipi ophulika nawonso awunikidwe. Ntchito yabwino imayenda motere: madzi a m'dzenje amapopedwa kufikira atatsika pansi pa paipi, kenako paipi imadulidwa, chidutswa chatsopano ndi zolumikizira zake zimapukutidwa m'kati ndi madzi a klorini wamphamvu, kukamwa kwa paipi kumatsekedwa ngati ntchito yaima, pomaliza mzere wonse umatsukidwa potsegula mpopi wa ozimitsa moto wa kumunsi mpaka madzi atayera ndipo klorini atabwerera. Kontilakitala amene amalipidwa powerenga maenje amene wakwirira amadumpha zonsezi. Amalumikiza paipi ili m'matope, n'kutsegula valavu, matope aja n'kupita m'maketulo a anthu. Musamulipire asanaonetse chiwerengero cha klorini ndi cha kuvunduka chimene anayeza atamaliza kutsuka.

Mabauza obweretsa madzi akhale a madzi akumwa okhaokha, osati galimoto imene dzulo inkathira madzi pamsewu womangidwa. Hosipaipi yake isakwekwerezeke pansi, ndipo woyendetsa akhale ndi pepala losonyeza kumene watunga ndi klorini amene anapezeka pa nthawiyo. Malamulo aja a 2001 ananena kuti madzi akasowa kupitirira maola 24 munthu aliyense apeze malita osachepera 10 pa tsiku. Malita khumiwo akhale oti n'kumwa.

Tsopano za laimu wa m'madzi, zimene akatswiri amazitcha hardness, chifukwa apa kukhala chete kwanu kukudyetsa anthu ndalama. Munthu akaona zoyera zomatirira pansi pa ketulo kapena pa elementi ya giza amaganiza kuti ndi poizoni. Si poizoni ayi. Ndi calcium ndi magnesium, miyala yosungunuka imene ili m'madzi onse a m'mitsinje, yomwe imauma n'kumatirira madzi akatenthedwa. SANS 241 siika n'komwe malire pa zimenezi, popeza sizidwalitsa. Malangizo a boma a 1996 amagawa madzi motere, poyeza mamiligalamu a calcium carbonate pa lita: osafika 50 ndi madzi ofewa, 50 mpaka 100 ndi ofewa pang'ono, 100 mpaka 150 laimu wayamba kumveka, ndipo kupitirira 200 ndiye madzi a laimu enieni amene sopo amakana kuchita thovu. Madzi a Rand Water kawirikawiri amakhala cha pakati pa 60 ndi 100 kapena kupitirira pang'ono, ndipo amasintha malinga ndi nyengo ndi kuchuluka kwa madzi a ku Lesotho amene alowa m'damu. Aliyense amene anachapapo ndi madzi a pamjigo wa mchere kumudzi akudziwa kuti a kuno ndi ofewa. Sopo amachita thovu bwinobwino.

Laimu wochepayu ndi wofunikanso. Madzi ofewa kwambiri amadya mapaipi, amasungunula kopa ndi mtovu wa m'zolumikizira zakale. N'chifukwa chake Rand Water imasiya pH ili cha pa 8. Nyumba ya mu Johannesburg imene imamwa madzi a mzinda siifunika makina ofewetsa madzi, omwe amachotsa calcium n'kuikamo sodium. Ketulo imayera ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka: wiritsani, siyani ola limodzi, tayani, tsukuluzani kawiri. Giza ikhale pa madigiri 60. Mukaikweza kupitirira apo laimu amamatirira msanga pa elementi ndipo magetsi amathera pachabe. Mukaitsitsa kufika m'ma 40 pofuna kusunga mayunitsi, mwakonzera malo kachilombo koyambitsa chibayo ka Legionella, kamene kamaswana m'madzi ofunda a madigiri 20 mpaka 45. Abale athu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'malesitilanti amafunsidwa ndi makina otsukira mbale kapena opangira khofi kuti aike chiwerengero cha laimu m'madigiri a ku Germany, olembedwa °dH. Agawe mamiligalamu aja ndi 17.8. Madzi a 80 ndiye kuti ndi madigiri anayi ndi theka, pafupi ndi potsika penipeni pa makina ambiri. Kodi n'chovuta chanji kuti chiwerengero chimenechi chizilembedwa pabilu mwezi ndi mwezi?

Pamene inu simukulankhula, ogulitsa zosefera madzi akulankhula. Amayenda khomo ndi khomo ndi kachipangizo ka timitengo tachitsulo tinayi. Amathira madzi a pampopi m'tambula imodzi, madzi a m'makina awo m'tambula ina, n'kuviika timitengoto n'kuyatsa magetsi. Pasanathe mphindi imodzi madzi a pampopi amasanduka matope ofiirira, pamwamba pakuyandama zakuda, pomwe enawo ali mbee. Mayi wa ana akaona zimenezo amasaina ngongole pomwepo. Chinsinsi chake n'chakuti matope aja sachokera m'madzi, amachokera ku chitsulo cha kachipangizoko. Madzi okhala ndi timiyala tosungunuka amadutsitsa magetsi, ndiye chitsulo chimasungunuka n'kukhala dzimbiri. Madzi ochotsedwa timiyala tonse sadutsitsa magetsi, ndiye chitsulo chimangokhala. Wofuna umboni atsine kamchere pang'ono n'kuponya m'tambula yoyerayo, awauze ayatsenso: matope omwewo atuluka. Kamita ka TDS kamene amanyamula nakonso sikaona kachilombo ngakhale kamodzi. Kamangoyeza timiyala tosungunuka, ndipo pamadzi a mzinda uno kamaonetsa kawirikawiri pakati pa 100 ndi 200, pomwe malire a SANS 241 ndi 1,200. Madzi a ziro pakamitako atha kukhala ndi kolera. Makina osefera madzi a m'nyumba otchedwa reverse osmosis amatayanso malita atatu kapena anayi pa lita imodzi imene ayeretsa, mumzinda umene mukupempha anthu kuti asamale madzi. Kapepala kamodzi kochokera kwa inu kofotokoza zimenezi kangapulumutse malipiro a mwezi a anthu ambiri.

Kapepala komweko kasiyanitsenso zoopsa ndi zosaopsa, chifukwa panopa anthu amaopa zolakwika. Madzi oyera ngati mkaka ndi mpweya chabe umene unatsekeredwa m'paipi. Athireni m'tambula, muona akuyera kuyambira pansi kupita m'mwamba m'mphindi ziwiri. Fungo la dothi lonyowa limene limamveka nthawi yotentha limachokera ku ndere za m'damu, ndipo silidwalitsa. Madzi ofiirira ndi dzimbiri ndi matope a m'paipi: musamwe, musachapire zoyera, tsegulani mpopi wa madzi ozizira umene uli pafupi ndi mita mpaka ayere, ndipo madzi otayawo muwasungire kuchimbudzi. Koma fungo la suweji, la petulo kapena la mankhwala, ndiye siyani kumwa nthawi yomweyo, ndipo la petulolo kuwiritsa sikulichotsa. Choopsa koposa n'chakuti madzi okhala ndi E. coli amatha kuoneka oyera, opanda fungo lililonse. Oweta nsomba ndi odwala impso amene amatsukidwa magazi ndi makina auzidwe kuti kloramini sachoka pongosiya madzi m'ndowa usiku wonse monga amachitira klorini wamba.

Mbali ina ya vutoli ili m'mabwalo a nyumba, kuseri kwa mita yanu, ndipo tikudziwa kuti kumeneko mumati si kwanu. Koma zochitika kumeneko zimabwerera m'paipi yanu. Pabwalo la zipinda khumi za lendi pamakhala mpopi umodzi, ndipo madzi akasowa anthu amausiya wotsegula, hosipaipi ili m'bafa la zovala zonyikidwa kapena m'diramu. Paipi ikayamba kuyamwa, madzi a sopo aja amakokedwa kulowa mumsewu, n'kukatulukira kwa oyandikana nawo. Mankhwala ake ndi otchipa: hosipaipi isamire m'madzi, pakhale mpata pakati pa kukamwa kwake ndi pamwamba pa madzi, ndipo pambuyo pa mita pakhale valavu yoletsa madzi kubwerera. Oopsa kwambiri ndi eni nyumba amene amalumikiza pampu molunjika ku paipi ya mzinda kuti akoke madzi pulesha ikatsika. Pampu yotere imalanda madzi a msewu wonse, ndiponso imapanga dala kuyamwa kuja kumene tafotokoza. Pampu iyenera kukoka kuchokera m'thanki, thankiyo n'kumadzazidwa ndi mzinda kudzera pa valavu ya mpira woyandama. Malamulo a mzinda alipo oletsa kulumikiza mwachisawawa, koma oyendera ndi amene saoneka.

Mathanki a JoJo achuluka ngati njira yodzipulumutsira, ndipo ambiri aikidwa ndi anthu amene sanauzidwe kuti kloramini amatha. Madzi akagona m'thanki yotenthedwa ndi dzuwa masiku angapo amakhala opanda chitetezo. Thanki ikhale pamthunzi, chivundikiro chotsekedwa, potulukira madzi osefukira pali kaukonde koletsa udzudzu ndi abuluzi. Ilumikizidwe mwakuti madzi a nyumba azidutsamo tsiku ndi tsiku, osati kuisunga yodzaza miyezi itatu kudikira tsiku la mavuto. Kamodzi pachaka ikhuthulidwe ndi kutsukidwa. Za giza, anthu auzidwe kuzimitsa switchi yake madzi akangosowa, chifukwa elementi ikayaka popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa. Giza yoikidwa motsatira muyezo wa SANS 10254 imakhala ndi timavalavu tiwiri tolowetsa mpweya, toletsa kuti madzi ake asakokedwe kubwerera m'paipi. Magiza ambiri a m'zipinda za kuseri alibe timavalavu timeneti. Ndipo madzi a m'giza si ophikira kapena kusungunulira mkaka wa mwana, popeza madzi otentha amasungunula zitsulo za m'mapaipi msanga.

Amene atopa ndi kusowa kwa madzi akukumba zitsime za pampu, ndipo apa ndi pamene nkhani ya laimu ndi ya poizoni imakhala yeniyeni. Kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda, cha ku Lenasia ndi kupitirira, kuli mwala wa dolomite umene umapatsa madzi laimu wambiri, wotha kupitirira 200. Pafupi ndi migodi yakale ya golide kuli madzi a asidi, amene anayamba kusefukira pamtunda cha ku Krugersdorp mu 2002, okhala ndi sulphate, zitsulo, nthawi zina ndi uranium. Kumene kuli zimbudzi zokumba kumakhala nitrate, amene malire ake ndi mamiligalamu 11 pa lita, ndipo ndi woopsa kwa makanda. Sulphate, zitsulo, uranium ndi nitrate zimenezi kuwiritsa sikuchotsa. Kumangozichulukitsa madzi akamaphwa. Mwini nyumba amene akumwetsa alendi ake madzi a m'chitsime akakamizidwe kuwayezetsa ku labotale yovomerezedwa ndi SANAS, bungwe lovomereza malabotale, ndi kumata zotsatira pakhoma, ndipo paipi ya chitsime isakumane ndi ya mzinda paliponse.

Zonsezi zilibe ntchito ngati uthenga sufika kwa womwa madzi. Zidziwitso zanu zimatuluka pa X, pa Facebook ndi pa webusaiti, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo bilu imapita kwa mwini akaunti. Mwini akauntiyo mwina amakhala kwina, kutali ndi nyumba imene amachititsa lendi. Anthu makumi awiri amene amamwa pampopi wake sadziwika kwa inu, ndipo ambiri amachoka m'bandakucha kupita ku maganyu, ana n'kutsala akutunga okha. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza madzi okwanira. Silinena za eni akaunti okha kapena nzika zokha, ndipo kolera safunsa chitupa. Mu May 2023 anthu oposa makumi awiri anamwalira ndi kolera ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Kwathu ku Malawi mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700. Anthu athu matendawa akuwadziwa, WaterGuard ndi Thanzi akuzidziwa, ndipo mukawauza kuti awiritse madzi awiritsa. Chimene akusowa ndi kuuzidwa tsiku lake.

Lolani munthu aliyense alembetse nambala ya foni pongotchula msewu umene amakhala, popanda nambala ya akaunti kapena ya chitupa. Uthenga upite pa SMS ndi pa WhatsApp, wolembedwa ndi wolankhulidwa, m'Chizulu, m'Chisutu, m'Chitsonga, m'Chishona, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa. Umatidwenso pamashopu a spaza, pamasiteji a mataxi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ukhale waufupi ndi wa miyezo yeniyeni. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, muwasiye akubwadamuka mphindi imodzi yathunthu. Kuno kumtunda madzi amawira pa madigiri 94, koma amenewo ndi okwana kupha tizilombo. Magetsi kapena gasi akasowa, thirani sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi, mamililita 5, ya Jik wamba wopanda fungo lonunkhiritsa m'malita 25 a madzi, takasani, dikirani theka la ola, ndipo madzi akakhala ovunduka asefeni kaye pansalu yoyera n'kudikira maola awiri. Sungani m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chotsekedwa, osati m'ndowa yoviikamo kapu ndi dzanja. Mwana akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni madzi a shuga ndi mchere ali m'njira yopita kukiliniki.

Chomaliza, mwezi uliwonse tulutsani zotsatira za kuyeza madzi nkhokwe ndi nkhokwe, osati mzinda wonse pamzere umodzi. Munthu wa ku Brixton aone za Brixton, wa ku Yeoville aone za Yeoville: madzi anayezedwa kangati, E. coli anapezeka kangati, klorini wotsika kwambiri anali wochuluka bwanji, nitrite anakwera kapena ayi popeza ndiye chizindikiro chakuti kloramini akuwonongeka m'nkhokwe, laimu anali pati, ndipo dera linauma maola angati. Madzi oyezedwa pa tsiku lobwerera alembedwe pamzere wawowawo, pamodzi ndi dzina la msewu umene anatungidwa.

Ndife anu,

Amalawi ogwira ntchito za mapaipi ndi madzi mu Johannesburg